Dzina Limodzi, Matenda Ambiri: Mmene Madokotala Anaphunzirira Kuzindikira Osteoarthritis

Mayi wachikulire akafika pachipatala chaching'ono n'kunena kuti akudwala nyamakazi, amakhala atanena zoona, koma asanatchule matenda. Mawu akuti nyamakazi amasenza zambiri: bondo lopweteka potsika chitunda, zala zouma m'mawa, chala chachikulu cha kuphazi chimene chatupa usiku umodzi, ngakhalenso msana wa munthu amene TB yamulowa m'mafupa. Anthu onsewa akhoza kutuluka m'chipinda choonera odwala atapatsidwa mapiritsi ofanana opha ululu, chonsecho wina amafunika kulimbitsa minofu ya ntchafu, wina mankhwala a miyezi yambiri, ndipo wina kutumizidwa kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo.

Vutoli si la chinenero cha Chichewa chokha. Kwa zaka mazana ambiri, madokotala a ku Ulaya nawonso ankaunjika matenda onse a mfundo, kutanthauza malo amene mafupa amalumikizana, pansi pa mayina awiri okha: gauti ndi rheumatism. Panapita zaka zoposa 150 kuchokera pamene anayamba kuwasiyanitsa kufikira pamene osteoarthritis, nyamakazi yofala kuposa zonse, inapeza malo akeake. Ulendowu unayambira pa maso ndi manja a dokotala, unadzera pa makina a X-ray, kenako unabwereranso pa maso, manja ndi makutu. Mbiri imeneyi ndi yofunika kwa wazaumoyo aliyense amene amaona odwala kutali ndi makina ojambulira.

Matenda akale kuposa dzina lake

Osteoarthritis imasiya zizindikiro pa mafupa, n'chifukwa chake akatswiri ofukula zakale amaipeza m'manda a m'madera ambiri a dziko lapansi. M'chaka cha 1908, ku La Chapelle-aux-Saints m'dziko la France kunafukulidwa mafupa a munthu wakalekale wa mtundu wa Neanderthal. Katswiri wina, Marcellin Boule, atawayeza anafotokoza kuti anthu a mtunduwu ankayenda chowerama. Mu 1957, William Straus ndi Alexander Cave atawaonanso anasonyeza kuti mwini mafupawo anali ndi nyamakazi yaikulu ya msana. Matenda a munthu mmodzi anali atathandizira kupotoza chithunzi cha mtundu wonse.

Mbali ya mfundo imene imatchulidwa kwambiri pa matendawa ndi chicherewecherewe, chinthu choyera ndi choterera chimene chimakuta nsonga za mafupa. Aliyense amene anakukutapo fupa la nkhuku anachiona. Ntchito yake ndi kuchititsa kuti mafupa aziterereka akamayenda komanso kufalitsa kulemera kwa thupi. Mu 1743, William Hunter wa ku London analemba za kapangidwe kake ndipo anatsindika kuti chikawonongeka sichibwereranso. Lero zimadziwika chifukwa chake: chicherewecherewe chilibe mitsempha ya magazi, choncho chimachira movutikira kwambiri. Chilibenso minyewa yomvera ululu, ndipo zimenezi zinadzathandiza kumasulira chinthu china chodabwitsa patapita zaka zoposa 200.

Timibulu ta m'zala

Munthu woyamba kudula malire omveka bwino anali William Heberden, dokotala wa ku London amene anali ndi chizolowezi cholemba zimene waona pa wodwala aliyense. Anamwalira mu 1801, ndipo buku la zimene anaona linatuluka mu 1802. M'menemo muli kandime kakafupi konena za timibulu tolimba, tokula ngati njere ya nsawawa, topezeka pa mfundo ya chala yoyandikana ndi chikhadabo. Heberden anaona kuti timibuluto timatuluka ngakhale pa anthu amene sanadwalepo gauti, sitichoka moyo wonse, ndipo kawirikawiri sitipweteka kwenikweni. Choncho anagamula kuti si gauti. Analibe chipangizo china chilichonse koma maso, zala ndi zolemba zake, koma mpaka lero timibuluto timadziwika ndi dzina lake ndipo ndi chizindikiro chodalirika cha osteoarthritis ya m'manja. Timibulu tofanana nato ta pa mfundo ya pakati pa chala timatchedwa ndi dzina la Charles Bouchard wa ku France, amene anatifotokoza m'zaka za m'ma 1880.

Pa nthawi yomweyo ku Paris, dokotala wachinyamata Augustin Jacob Landré-Beauvais ankaona odwala pachipatala cha Salpêtrière, chimene chinkasunga amayi osauka. Mu 1800 analemba za matenda amene ankagwira mfundo zambiri nthawi imodzi, osatha, ndiponso opundula manja. Gauti inkadziwika kuti ndi matenda a amuna olemera, koma odwala akewa anali amayi osowa. Zimene anafotokozazo ndi zimene lero zimatchedwa rheumatoid arthritis.

Gauti ndiyo inayamba kupatulidwa ndi umboni wa mulabotale. Mu 1848, Alfred Baring Garrod wa ku London anasonyeza kuti magazi a odwala gauti amakhala ndi uric acid wochuluka. Pambuyo pake anapeza njira yosavuta yoyezera: ankaviika ulusi m'madzi a magazi a wodwala, ndipo timiyala ta uric acid tinkamatirira pa ulusiwo. Mu 1859 anapereka dzina lakuti rheumatoid arthritis kwa nyamakazi yokhalitsa imene sinali gauti. Komabe m'thumba latsopanoli munali matenda awiri osakanizika. Ngakhale dzina lakuti osteoarthritis, limene John Kent Spender wa ku Bath analitchukitsa m'zaka za m'ma 1880, poyamba linkagwiritsidwa ntchito pa matenda awiri onsewa.

Makina oona mkati mwa thupi

Mu November 1895, Wilhelm Röntgen wa ku Würzburg m'dziko la Germany anatulukira X-ray, ndipo chimodzi mwa zithunzi zake zoyamba chinali cha dzanja la mkazi wake. Kwa nthawi yoyamba zinatheka kuona mfundo ya munthu wamoyo popanda kuing'amba. Mu 1904, Joel Goldthwait wa ku Boston anagwiritsa ntchito zithunzizi kusiyanitsa mitundu iwiri ya nyamakazi yokhalitsa. Pa mtundu wina fupa linkaoneka lopyapyala ndi lodyeka m'mbali. Pa mtundu winawo fupa linkachita kuwonjezeka: linkalimba ndi kumera timinga m'mphepete mwa mfundo. Mu 1909, Edward Nichols ndi Frank Richardson, nawonso a ku Boston, anatsimikizira kusiyanaku poyeza mfundo zenizenizo. Anapeza kuti mtundu woyamba umayamba ndi kutupa kwa kachikopa kokuta mkati mwa mfundo, pamene wachiwiri umaonekera pa kuwonongeka kwa chicherewecherewe. Woyambawo ndi rheumatoid arthritis, wachiwiriwo ndi osteoarthritis.

Chinatsala ndi muyezo woti madokotala osiyanasiyana azigwirizana akaona chithunzi chimodzi. Ntchitoyi inagwiridwa ku Manchester m'dziko la England ndi Jonas Kellgren ndi John Lawrence, amene ankafufuza nyamakazi pakati pa anthu ogwira ntchito m'migodi ya malasha komanso anthu a m'tauni ya Leigh. Mu 1957 anafalitsa muyezo wa magawo asanu, kuyambira 0 mpaka 4. Gawo 0 ndi mfundo yabwinobwino, gawo 1 ndi yokayikitsa, ndipo gawo 4 ndi yowonongeka kwambiri. Zimene ankayang'ana ndi timinga ta fupa m'mphepete, kuchepa kwa mpata wa pakati pa mafupa, kulimba kwa fupa pansi pa chicherewecherewe ndi kupindika kwa nsonga za mafupa. Chicherewecherewe pachokha sichioneka pa X-ray. Chimene chimaoneka ndi mpata umene chimakhalamo, ndipo chikamatha mpatawo umachepa. Muyezowu ukugwirabe ntchito m'kafukufuku mpaka pano.

Zinkaoneka ngati nkhani yatha: wodwala ajambulidwe, chithunzi chigamule. Koma kafukufuku yemweyo wa anthu a m'madera ndi amene anagwedeza chikhulupiriro chimenechi. Kellgren ndi Lawrence anavomereza okha kuti akatswiri awiri akhoza kupereka magawo osiyana pa chithunzi chimodzi. Mu 1966, Lawrence ndi anzake anayerekezera zithunzi ndi madandaulo a eni ake ndipo anapeza kuti ziwirizi sizigwirizana nthawi zonse. Anthu ambiri okhala ndi mfundo zooneka zowonongeka sankamva ululu, pamene ena omva ululu waukulu anali ndi zithunzi zosasintha kwenikweni. Kafukufuku wa m'mayiko ena wakhala akupeza zomwezo.

Apa ndi pamene kapangidwe ka chicherewecherewe kamamasulira zinthu. Popeza chilibe minyewa yomvera ululu, kutha kwake pakokha sikupweteka. Ululu umachokera ku fupa la pansi pake, ku kachikopa ka mkati mwa mfundo, ku mitsempha yomanga mfundo ndi ku minofu yozungulira, ndipo zambiri mwa izi X-ray siziona. Makina a MRI atafika anasonyeza kuti kusintha kwa mkati mwa fupa ndi kutupa kwa kachikopa kaja zimayendera limodzi ndi ululu. N'chifukwa chake akatswiri a lero amaitenga osteoarthritis ngati matenda a mfundo yonse, amene thupi limayesa kukonza zowonongeka koma n'kulephera, osati kungoperepeseka ngati tayala la njinga.

Kusaka zoyambitsa

Kwa nthawi yaitali osteoarthritis inkatengedwa ngati malipiro a ukalamba amene palibe angawazembe. Zaka ndi chiopsezo chachikuludi, koma kafukufuku wa zaka za m'ma 1900 anasonyeza kuti pali zinanso, ndipo zina mwa izo n'zopeweka.

Choyamba ndi mtundu. Mu 1941, Robert Stecher wa ku Cleveland anasonyeza kuti timibulu ta Heberden timayenda m'banja ndipo timapezeka kwambiri pa amayi. Mayi amene ali nato, kawirikawiri mayi ake kapena abale ake aakazi amakhalanso nato.

Chachiwiri ndi kuvulala. Mu 1948, dokotala wa mafupa wa ku Britain, T. J. Fairbank, anafotokoza zimene zinkachitika pa mawondo amene anachotsedwa meniscus, kamtsamiro ka pakati pa mafupa a bondo. Pa nthawiyo kamtsamiroka kakang'ambika kankangochotsedwa konse. Fairbank anaona kuti pakapita zaka mpata wa m'bondo unkachepa ndipo fupa linkasintha maonekedwe. Lero n'zodziwika kuti fupa lothyokera mu mfundo, mtsempha wa bondo woduka, kapena mfundo imene inagwidwapo ndi mafinya zimabweretsa osteoarthritis munthu akadali wamng'ono. M'madera amene ngozi za pamsewu, makamaka za njinga zamoto, zili zochuluka, funso lokhudza ngozi yakale siliyenera kuiwalika.

Chachitatu ndi ntchito. Mu 1952, Kellgren ndi Lawrence anapeza kuti anthu a m'migodi, amene ankagwira ntchito atagwada kapena atawerama m'malo opanikiza, ankawonongeka mawondo ndi msana kuposa anthu a m'maofesi. Pambuyo pake kafukufuku wa ku England ndi ku Sweden anapeza kuti alimi amene alima zaka zambiri amadwala kwambiri osteoarthritis ya mfundo ya m'chiuno. Kugwada, kunjuta ndi kunyamula katundu wolemera tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri ndiye kumalemetsa mfundo. Kuyenda ndi masewera olimbitsa thupi ochitidwa pamlingo woyenera sikuwononga mfundo yabwinobwino.

Chachinayi ndi kunenepa. Panali mtsutso wakuti kodi kunenepa ndiko kumayambitsa matenda a bondo, kapena bondo lopwetekalo ndilo limamukhazika munthu pansi mpaka kunenepa. Yankho linachokera ku Framingham, tauni ya ku Massachusetts m'dziko la United States, kumene anthu akhala akutsatiridwa kuyambira 1948 pa kafukufuku wa matenda a mtima. Mu 1988, David Felson ndi anzake anasonyeza kuti kunenepa kunkayamba, matenda a bondo n'kubwera pambuyo. Mu 1992 anapezanso kuti amayi amene anatsitsa sikelo ndi makilogalamu pafupifupi 5 pa zaka 10 anachepetsa chiopsezo cha osteoarthritis yopweteka ya bondo ndi theka kapena kuposerapo.

Umboni wina wotsutsa zakuti ndi ukalamba chabe unabwera mu 2017, pamene Ian Wallace ndi anzake anafalitsa zotsatira za kuyeza mafupa a anthu oposa 2,000 ku United States. Anapeza kuti osteoarthritis ya bondo inachuluka kawiri kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1900, ngakhale atawerengera zakuti anthu akukhala zaka zambiri komanso akunenepa kuposa kale. Bungwe la World Health Organization linanena kuti mu 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa, ndipo 365 miliyoni mwa iwo anali ndi vuto la bondo. Pa anthu 100 alionse odwala, 60 anali amayi ndipo 73 anali opitirira zaka 55.

Kubwerera kwa wodwala

Pamene njira zoyezera gauti ndi rheumatoid arthritis zinkapita patsogolo, osteoarthritis inatsala yopanda muyezo wake wa magazi. Erik Waaler wa ku Norway anafalitsa za rheumatoid factor mu 1940, ndipo mu 1961 Daniel McCarty ndi Joseph Hollander anasonyeza timiyala ta gauti m'madzi a mu mfundo pogwiritsa ntchito maikulosikopu. Koma mpaka lero palibe kuyeza magazi kumene kumatsimikizira osteoarthritis. Magazi amayezedwa pofuna kuchotsa matenda ena.

Mu 1986, Roy Altman ndi gulu la akatswiri a nyamakazi ku United States anafalitsa njira yodziwira osteoarthritis ya bondo popanda chithunzi kapena labotale. Munthu akhale ndi ululu wa bondo, kuphatikizapo zinthu zitatu kapena kuposerapo mwa zisanu ndi chimodzi izi: zaka zoposa 50, kuuma kwa m'mawa kosapitirira mphindi 30, kukhukhuzika komveka bondo likamapindidwa, ululu pokanikiza m'mphepete mwa fupa, kukula kwa fupa pa mfundo, ndi kusatentha kwa bondo polikhudza. Bungwe la NICE, limene limapereka malangizo a zachipatala ku England, linafupikitsanso mu 2014 ndipo linabwereza mu 2022: munthu wa zaka 45 kapena kuposerapo, amene mfundo imamupweteka akamaigwiritsa ntchito, ndipo sauma m'mawa kapena amauma kosapitirira mphindi 30, akhoza kuuzidwa kuti ali ndi osteoarthritis popanda kujambulidwa. Dziko lokhala ndi makina ochuluka linasankha kudalira zimene Heberden ankadalira.

Tanthauzo lake kwa wazaumoyo wa kumudzi ndi lakuti kusowa kwa X-ray si chifukwa cholembera mawu akuti nyamakazi m'buku la wodwala n'kulekera pomwepo. Mafunso ochepa amatsegula njira. Ululu umabwera nthawi yanji? Wa osteoarthritis umakula munthu akayenda, akakwera kapena kutsika chitunda, akadzuka pamphasa kapena akanjuta, ndipo umachepa akapuma. Kuuma kwa m'mawa kumatha nthawi yaitali bwanji? Ndi mfundo ziti? Matendawa amakonda mawondo, mfundo za m'chiuno, nsonga za zala, tsinde la chala chachikulu cha m'manja, khosi ndi msana wa m'munsi, ndipo amayamba pang'onopang'ono pa miyezi kapena zaka. Ya m'chiuno imamveka m'mphechepeche kapena kutsogolo kwa ntchafu, nthawi zina mpaka m'bondo, choncho wodandaula za bondo ayenera kuyezedwanso chiuno. Kenako manja amalizitsa: chotupacho n'cholimba ngati fupa kapena n'chofewa, mfundo ikutentha kapena ayi, ikupindika mpaka pati.

Luso lomweli ndi limene limagwira matenda obisala m'dzina la nyamakazi. Mfundo imodzi yotupa, yotentha, yosalola kugwedezedwa, makamaka thupi likutenthanso, iyenera kuganiziridwa kuti ili ndi mafinya, ndipo wodwalayo atumizidwe tsiku lomwelo chifukwa mfundo yotere imawonongeka m'masiku ochepa. Ululu wa msana, chiuno kapena bondo wopita ndi kuonda, thukuta la usiku kapena chifuwa chokhalitsa umafuna kufufuza TB, makamaka pa munthu amene ali ndi HIV. Kuuma kwa m'mawa kofika ola limodzi, limodzi ndi kutupa kofewa kwa zala ndi mfundo za pamkono mbali zonse ziwiri, kumaloza ku rheumatoid arthritis, imene mankhwala ake amathandiza kwambiri akayambidwa msanga. Ululu woopsa wobwera mwadzidzidzi usiku pa chala chachikulu cha kuphazi umaloza ku gauti. Mwana wotsimphina, wachinyamata wa sickle cell womva chiuno, ndi munthu amene ululu sumulola kugona ngakhale atapuma, onsewa sayenera kupatsidwa dzina la osteoarthritis asanaonedwe ndi dokotala. Apa ndi pamene X-ray ndi labotale zimagwira ntchito yake yeniyeni.

Dzina lolondola limatetezanso amene alidi ndi osteoarthritis. Munthu wouzidwa kuti mafupa ake atha amaopa kuyenda, minofu ya ntchafu imafooka, ndipo bondo limapwetekeratu. Wina amamwa diclofenac kapena brufen wogula pagolosale kwa miyezi, osadziwa kuti mankhwalawa amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso, makamaka pa okalamba ndi odwala BP kapena shuga. Chithandizo choyambirira chimene malangizo a masiku ano amagwirizanapo ndi kufotokozera wodwala za matenda ake, masewera olimbitsa minofu, kuchepetsa thupi kwa onenepa, ndi ndodo yogwiridwa ku dzanja la mbali imene ili bwino. Zonsezi alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka akhoza kuziphunzitsa pakhomo pa wodwala.

Kuchokera pa timibulu ta Heberden mu 1802 kufika pa malangizo a 2022, makina anawonjezera zambiri pa zimene madokotala amadziwa, koma sanalowe m'malo mwa kufunsa ndi kukhudza. Mayi uja akanena kuti ali ndi nyamakazi, ntchito ya wazaumoyo imakhala itangoyamba: kumufunsa kuti m'mawa amauma nthawi yaitali bwanji, kumupempha atambasule zala, ndi kuika dzanja pa bondo lake.